Kodi ndi mzinda uti womwe umalera akatswiri enieni a basketball?

Mphepo_ya_Mwera
Anzanga tiweruzeni. Dzulo titamaliza kusewera, ine ndi alamu anga tinatsutsana mpaka mdima. Iwo akuti palibe mzinda womwe watulutsa akatswiri a basketball kuposa New York, ati kumeneko ndiye kuchimake kwa masewerowa. Ine ndikuti izo zinali kale, masiku ano ndi Los Angeles. Westbrook anatenga MVP, mphoto ya wosewera woposa onse pa chaka mu NBA, ligi yaikulu ya ku America, mu 2017, chaka chotsatira anatenga James Harden, onsewa ndi ana a konko. Onjezanipo Kawhi Leonard, DeRozan, Paul George, Klay Thompson. Nanga New York yatipatsa ndani wa msinkhu umenewu zaka 15 zapitazi? Poyankha muzitchula mayina, osangoti mzinda wakuti chifukwa mumakonda jezi yake.

Gule23
Chicago.

Mphepo_ya_Mwera
Mayina achimwene, ndanena kale.

Gule23
Isiah Thomas, Tim Hardaway, Dwyane Wade, Derrick Rose, Anthony Davis. Rose anatenga MVP mu 2011 ali ndi zaka 22 zokha, palibe wina anaitengapo ali wamng'ono chonchi, ndipo anaitenga akusewerera timu ya kwawo komwe. Anakulira ku Englewood, dera lovuta kwambiri, n'kuphunzira pa Simeon. Pasukulupo ankavala nambala 25 pokumbukira Ben Wilson, mnyamata amene ankatamandidwa kuti anali woposa anzake onse a sekondale mu America, koma anawomberedwa mu 1984 asanafike n'ku koleji komwe. Mwana wa Chicago amasewera ngati mawa kulibe. Ndi mtima umenewo umene ndimauyang'ana ine.

Kabaza_Boy
Ndiye mwasiya Michael Jordan bwanji? Zikho 6 ku Chicago!

Nachisale_B
Ayi aise, Jordan ankangogwira ntchito ku Chicago. Anabadwira ku Brooklyn mu 1963, koma makolo anasamuka ali khanda, anakulira ku Wilmington, North Carolina. Mpira anaphunzirira kumeneko, koleji inalinso ya konko. Chicago inamulandira ali wopsa kale.

Kabaza_Boy
Ngati anabadwira ku Brooklyn ndiye ndi wa New York, alamu awo a Mphepo awina.

Nachisale_B
Apa mpamene tiyenera kugwirizana kaye, apo ayi tingozungulira. Tikuwerenga komwe unagwa mchombo kapena komwe munthu anaphunzira kugwira mpira? LeBron James ndi Stephen Curry onse anabadwira ku Akron, wina 1984 wina 1988. LeBron ndi wa Akron weniweni, anakulira konko, sekondale konko. Curry anangobadwirako chifukwa bambo ake ankasewerera Cleveland nthawi imeneyo, iye ndi mwana wa Charlotte. Steve Nash anabadwira ku Johannesburg, kodi tinganene kuti Joni inatulutsa MVP? Anakulira ku Victoria, Canada. Carmelo anachoka ku Brooklyn ali ndi zaka 8, anamulera ndi Baltimore. Kobe anabadwira ku Philadelphia, ubwana wake wambiri anathera ku Italy, kenako n'kubwerera kudzaphunzira pa Lower Merion. Ameneyu ndiye sindikudziwa kuti timupereke kwa ndani.

Mphepo_ya_Mwera
Mwalankhula bwino achemwali. Tiyeni tiziwerenga komwe anasewera ali pakati pa zaka 10 ndi 18.

Madala_a_Ndirande
Ana anga, ndiloleni ndiikire kumbuyo alamu a mnzanuyu, chifukwa ine ndinayamba kutsata masewerowa kudzera m'magazini akale omwe tinkabwerekana, kulibe intaneti.

Ngakhale pa lamulo lanu latsopanoli, New York simungaikankhire kumbali. Kareem Abdul-Jabbar anakulira ku Manhattan, ndipo timu yake ya sekondale, Power Memorial, inapambana masewero 71 motsatizana. Mapointi ake 38,387 anakhala osafikiridwa mpaka LeBron anadzawadutsa mu 2023. Bob Cousy ngwa konko. Nate Archibald wa ku Bronx anatsogola ligi yonse pa mapointi ndi ma assist (kupatsira mnzako mpira woti agoletse) m'nyengo imodzi, ya 1972-73. Connie Hawkins, Bernard King, Chris Mullin, Mark Jackson, onsewa ndi a Brooklyn ndi madera oyandikana nawo. Kenny Anderson wa ku Queens, Stephon Marbury wa ku Coney Island, Kemba Walker wa ku Bronx. Julius Erving anakulira ku Long Island, koma dzina lake linamveka pa bwalo la Rucker Park ku Harlem, pamsewu wa 155, pomwe anthu ankakwera m'mitengo ndi pamadenga kuti aone mpira.

Chimene New York inapereka si mayina okha. Kaseweredwe kopusitsa mnzako ndi mpira, kodutsa pakati pa anthu atatu ngati palibe munthu, kanakulira m'mabwalo a simenti a kumeneko. Westbrook wanuyo akusewera mpira womwe ena anaumba.

Koma ndivomere chimodzi. Mtsinjewo waphwerako. Power Memorial inatsekedwa mu 1984. Rice High School ya ku Harlem, komwe anaphunzira Kemba, inatsekedwa mu 2011. Sukulu zambiri za Akatolika zomwe zinkalera anyamatawa zinavutika ndi ndalama, ndipo mwana waluso masiku ano amatengedwa msanga kupita ku New Jersey kapena ku Florida. Mzinda umabereka, kulera akulera ena.

Gule23
Madala mwafotokoza bwino, koma mwavomereza nokha kuti ndi mbiri yakale. Chicago sinaleke. Isiah zaka za m'ma 80, Hardaway za m'ma 90, Wade 2006, Rose 2011, Davis 2020. Palibe m'badwo wodumphidwa.

Madala_a_Ndirande
Mwanawe, mbiri yakale ndiyo maziko. Koma pa kusadumpha m'badwo ndakuvomera.

Chiwaya77
Ine vuto langa lili ndi Los Angeles ya a Mphepo. Paul George ngwa ku Palmdale, pafupifupi makilomita 100 kuchokera mumzinda. Kawhi anasewera sekondale ku Riverside, nakonso nkutali. Zili ngati kutenga munthu wa ku Dedza n'kumati ngwa ku Lilongwe. Mukamatambasula malire chonchi, dera lonselo lili ndi anthu oposa 12 miliyoni, nanga angalephere bwanji kutulutsa osewera?

Funso labwino n'lakuti, mzinda waung'ono womwe umatulutsa zoposa msinkhu wake ndi uti? Yankho ndi Oakland. Anthu ake sakwana theka la miliyoni. Bill Russell anafikako ali mwana, banja lake likuthawa tsankho la ku Louisiana, anaphunzira pa McClymonds, kenako anatenga zikho 11 m'zaka 13. Gary Payton ngwa konko. Jason Kidd anakulira konko, ndipo ali mnyamata ankapunthidwa ndi Payton yemweyo m'mabwalo. Damian Lillard amavala nambala 0 poimira chilembo choyamba cha Oakland. Ndipo Paul Pierce amene a Los Angeles amamunyadira, anabadwira ku Oakland.

Mphepo_ya_Mwera
Pierce anakulira ku Inglewood, lamulo tagwirizana lija likumupereka kwa ine. Za Palmdale ndamva, chotsani Paul George. Koma Harden, Westbrook, DeRozan wa ku Compton, Baron Davis, Jrue Holiday, awa simungandilande. Ndipo kuli Drew League, ligi ya m'deralo ya nyengo yotentha, yomwe inayamba mu 1973. Mu 2011 NBA itaima chifukwa cha mkangano wa malipiro, Kobe, Durant ndi LeBron anakasewera kumeneko, mu holo yaing'ono, ana a m'deralo akuonera pafupi.

Anaphiri_206
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma pa mfundo ya Drew League ndilowererepo. Ndinakhala ku Seattle zaka zinayi ndikuphunzira za unamwino, ndipo mwana wa mayi amene ndinkakhala nawo ankasewera mu timu ya sekondale. Loweruka lililonse ndinkamuperekeza.

Seattle ilibe timu ya NBA kuyambira 2008, pamene Sonics inasamutsidwira ku Oklahoma City. Munthu ungaganize kuti mpira unafa. Koma Paolo Banchero, woyamba kusankhidwa pa draft (pomwe matimu a NBA amasankha osewera atsopano) ya 2022, ngwa konko. Sukulu imodzi yokha, Rainier Beach, inatulutsa Doug Christie, Jamal Crawford, Nate Robinson ndi Dejounte Murray. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti akuluakulu aja sathawa kwawo. Crawford amakonza mpikisano nyengo yotentha iliyonse, ana amalowa ulere. Brandon Roy mawondo atamukanika anabwerera kukaphunzitsa ana a sekondale mumzinda momwemo. Mnyamata wa kunyumba kwathu uja sankaona NBA ngati za pa kanema ayi, ankaiona ngati ntchito yomwe mkulu wa mnzake amagwira.

Sindikunena kuti Seattle iposa Chicago. Ndikungoti mukamawerenga mayina muzifunsanso kuti anawagwira dzanja ndani.

Chiwaya77
Zoona asisi. Payton ndi Kidd ndi nkhani yomweyo.

Mlonda_wa_Usiku
Ndikudabwa kuti tafika pano tikungotchula America yokha. Kuyambira 2019 mpaka 2025 MVP sanatengedwepo ndi munthu wobadwira ku America. Giannis kawiri, Jokić katatu, Embiid, kenako Shai. Ndiye mizinda ya kunja ili kuti pa mkanganowu?

Tengani Split ku Croatia. Anthu sakwana 200,000. Timu yawo, Jugoplastika, inatenga chikho cha Ulaya 1989, 1990 ndi 1991, ikutsogozedwa ndi mnyamata wa mumzinda momwemo, Toni Kukoč, ndipo zikho ziwiri zoyambazo anali limodzi ndi mnzake Dino Rađa, wa konkonso. Kukoč anadzatenganso zikho zitatu ndi Bulls ya ku Chicago. Tengani Kaunas ku Lithuania, anthu pafupifupi 300,000. Timu ya Soviet Union yomwe inagonjetsa America n'kutenga golide pa Olimpiki ya 1988 inali ndi Sabonis, Marčiulionis, Kurtinaitis ndi Chomičius, anayi onse obadwira ku Kaunas. Sabonis anafika ku NBA mu 1995 ali ndi zaka 30, miyendo itatha kale, komabe anthu anaona chomwe anali. A Chiwaya, ngati tikuyeza ndi kuchuluka kwa anthu, Oakland yanu ili ndi anzake.

Kabaza_Boy
Nanga Belgrade ya Jokić?

Mlonda_wa_Usiku
Jokić ngwa ku Sombor, tauni yaing'ono ya kumpoto kwa Serbia. Anamutenga ndi a Mega, kalabu ya ku Belgrade, ali mnyamata, ndipo pa draft ya 2014 anasankhidwa wa nambala 41. Ku Ulaya zimayenda mosiyana. Kulibe zodalira timu ya sukulu, mwana amalowa mu kalabu ndipo amasewera ndi akuluakulu a ndevu adakali wamng'ono. Dončić anachoka ku Ljubljana ali ndi zaka 13 kupita ku Real Madrid. Ndiye mungamupereke kwa ndani? Pa lamulo la a Mphepo, zaka zitatu ndi za Ljubljana, zotsalazo ndi za Madrid.

Nachisale_B
Paris musaiiwale. Tony Parker ndi Boris Diaw anadutsa pa INSEP, sukulu ya boma ya zamasewero. Wembanyama anakulira m'mbali mwa Paris, anaphunzira mpira ku Nanterre, ndipo anali woyamba pa draft ya 2023. Kumeneko boma limaikapo ndalama dala.

Gule23
A Mlonda, dzina lanuli, ndinu mumaonera magemu onse a usiku eti? Ine a ku Los Angeles amandipweteka, kuyamba 4 koloko kapena 5 m'mawa kenako ntchito.

Mlonda_wa_Usiku
Ndimagwiradi ntchito usiku achimwene, ndiye a kum'mawa kwa America oyamba cha m'ma 2 koloko ndimawapeza pa foni. Chovuta ndi bandulo. Gemu imodzi yathunthu imadya ndalama ya ndiwo.

Kabaza_Boy
Ine ndimangodikira ma highlights pa YouTube m'mawa. Magetsi akazima usiku ndiye basi.

Madala_a_Ndirande
Ife tinkadikira kaseti ya vidiyo miyezi iwiri, gemu tikuidziwa kale zotsatira zake, koma holo inkadzaza.

Mphepo_ya_Mwera
Tabwererani ku nkhani anthuni. Palibe watchula za kuno ku Africa.

Wa_ku_Chipata
Ndimadikira zimenezo. Lagos inapereka Hakeem Olajuwon, amene anasankhidwa woyamba mu 1984, Jordan ali wachitatu, n'kutenga zikho mu 1994 ndi 1995. Kinshasa inapereka Dikembe Mutombo. Yaoundé inapereka Embiid, Douala Pascal Siakam, Brazzaville Serge Ibaka, Lubumbashi Bismack Biyombo. Lubumbashi ili pafupi ndi ife kuno ku Zambia, kungodutsa Kasumbalesa. Ine voti yanga ndi Yaoundé.

Mlonda_wa_Usiku
Amwene, mayinawo ndi aulemu, koma tiyeni tinene zoona ngakhale zikuwawa. Mizinda imeneyi inabereka, sinalere. Olajuwon ankasewera mpira wamiyendo ngati goloboyi, basketball anaigwira ali ndi zaka za m'ma 15, ndipo anapsera ku Houston. Mutombo anapita ku yunivesite ya Georgetown ku America ndi cholinga chodzakhala dokotala, mpira anali atauyamba kale kwawo koma anakapsera konko. Embiid ankasewera volleyball, anayamba basketball ali ndi zaka 15, Luc Mbah a Moute anamuona pa kampu ku Yaoundé, ndipo ali ndi zaka 16 anali kale ku Florida. Siakam anali ku seminale. Onsewa anachoka asanapse. Ndipo Olajuwon ndi Embiid golide wa Olimpiki anatengera America, wina 1996 wina 2024. Zimandipweteka mumtima, koma ndi mmene zilili.

Mzinda wa mu Africa womwe umaleradi osewera ake ndi Luanda. Petro de Luanda ndi Primeiro de Agosto akhala akulimbana zaka zambiri, holo zimadzaza, osewera amalipidwa kwawo komweko. Angola yatenga chikho cha Africa kokwana 12, komaliza mu 2025. Petro inatenga BAL, ligi ya makalabu a mu Africa, mu 2024. Koma wa ku Angola woyamba kulowa NBA, Bruno Fernando, analowa mu 2019. Ndiye mukawerenga ndi NBA yokha, Luanda simuiona n'komwe.

Wa_ku_Chipata
Sindikugwirizana nanu kwathunthu. Mapazi a Olajuwon aja, omwe aliyense amawatama, anachokera ku mpira wamiyendo wa ku Lagos. Iye mwini ankanena zimenezo. Houston inalandira munthu wokhala kale ndi china chake. Ndipo Mbah a Moute kubwerera kwawo kukachititsa kampu, si zomwezo akunena Anaphiri za Seattle? Wamkulu kubwerera kukagwira dzanja wamng'ono. Mutombo anamanga chipatala ku Kinshasa m'dzina la mayi ake. Anthuwa sanataye kwawo.

Mlonda_wa_Usiku
Pa Mbah a Moute mwandigwira. Koma kampu ya masiku ochepa siyofanana ndi ligi ya chaka chonse.

Nachisale_B
Ndikufunseni abambo inu, mwatchula mayina oposa 50, wamkazi alipo? A Mphepo, mukanadziwa mukanalimbitsa mlandu wanu ndi Lisa Leslie, amene anaphunzira ku Inglewood, ndi Diana Taurasi wa ku Chino. Philadelphia, kuwonjezera pa Wilt Chamberlain wa mapointi 100 mu gemu imodzi mu 1962, ili ndi Dawn Staley. Ndipo pafupi pompa, Maputo. Clarisse Machanguana anasewera mu WNBA, ligi ya amayi ya ku America, ndipo Ferroviário de Maputo inatenga chikho cha makalabu a amayi mu Africa mu 2018 ndi 2019. Mu chigawo chathu chino palibe mzinda woposa Maputo pa mpira wa amayi.

Mphepo_ya_Mwera
Pepani achemwali, mwatikonza. Leslie ndamulandira ndi manja awiri.

Aphunzitsi_a_Masamu
Ine ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina, masana ndimathandiza timu ya anyamata. Mzinda umene ndimauganizira kwambiri ndi Toronto, chifukwa tauona ukusintha ife tili moyo.

Masewerowa anawayambitsa ndi munthu wa ku Canada, James Naismith, mu 1891, koma kwa zaka zambiri dzikolo linali la hockey. Raptors, timu ya NBA ya ku Toronto, inabwera mu 1995. Vince Carter anafika mu 1998, ndipo mu 2000 anachita zodabwitsa pa mpikisano wa ma dunk. Ana amene ankaonera nthawi imeneyo, ambiri a iwo ana a anthu obwera kuchokera ku Caribbean ndi ku Africa, ndi omwe anadzakula. Anthony Bennett woyamba pa draft ya 2013, Andrew Wiggins woyamba mu 2014. Jamal Murray wa ku Kitchener anatenga chikho mu 2023. Shai Gilgeous-Alexander, wokulira ku Hamilton, anatenga MVP ndi chikho mu 2025. Mu 2023 Canada inagonjetsa America pa World Cup n'kutenga malo achitatu. Zonsezi m'zaka 30 zokha. Magazi a anthu a ku Toronto sanasinthe. Kunabwera timu yoti ana aziiona, kunali maholo oti azisewereramo kunja kukuzizira, kunapezeka makochi.

Ndinali ndi mnyamata wa Fomu 2, wamtali pafupifupi mamita awiri, manja ofewa, wophunzira msanga. Bwalo lathu ndi la simenti yong'ambika, ring'i imodzi inathyoka ndipo inatha chaka osakonzedwa, mipira inali iwiri ya ana 30. Nsapato ya saizi yake tinaisaka m'kaunjika mwezi wathunthu. Magemu enieni tinkasewera mwina asanu pa chaka chifukwa cha thiransipoti. Atamaliza Fomu 4 anapita ku Joni kukasaka ganyu. Embiid anayamba pa msinkhu womwewo. Kusiyana kwake, kwa Embiid kunabwera munthu wodzamuona.

Anaphiri_206
Aphunzitsi, nkhaniyi yandikhudza. Panopa mnyamatayo amasewerabe?

Aphunzitsi_a_Masamu
Tinalankhulana chaka chatha. Akuti Lamlungu amakaponyako ndi anzake akaweruka. Ali ndi zaka 23 tsopano.

Wa_ku_Chipata
Ichi n'chifukwa chake NBA Academy Africa inatsegulidwa ku Senegal, ndipo BAL inayamba mu 2021. Koma zambiri zikuchitikira kumadzulo ndi ku Kigali. Kuno kummwera tiyenera kudzikoka tokha. Matero Magic ya ku Zambia ndi Bravehearts ya ku Malawi akamapita ku masewero odzigulira malo mu BAL, tiziwatsata ngati mmene timatsatira Lakers.

Gule23
Zonsezi ndamva ndipo ndalemekeza, koma funso linali la mzinda umodzi. Ine ndidakali pa Chicago. Ngakhale Kevin Garnett, wa ku South Carolina, chaka chake chomaliza cha sekondale anakachitira pa Farragut ku Chicago, n'kulowa NBA mu 1995 osadutsa ku koleji.

Chiwaya77
Chaka chimodzi sichilera munthu achimwene. Garnett ngwa ku Mauldin.

Madala_a_Ndirande
Ndipo palibe watchula Washington ndi Prince George's County. Elgin Baylor, Dave Bing, Kevin Durant, malemu Len Bias. Tikanayamba ndi kumeneko bwenzi tikukanganabe.

Mphepo_ya_Mwera
Alamu anga ndawawerengera zonse. Pa mbiri yonse ndawapatsa New York, chifukwa mayina a Madala sindingawatsutse. Pa zaka 20 zapitazi ndakana kusuntha, ndi Los Angeles, ndipo iwo avomera monyinyirika. Za Kaunas onse awiri sitinkazidziwa.

Aphunzitsi, ring'i ija inakonzedwa? Ndili ndi mnzanga wowotcherera zitsulo, ndipo kunyumba kuli mipira iwiri yomwe sitikuigwiritsa ntchito. Ndilembereni kumbali tione mmene tingaifikitsire kumeneko.

Aphunzitsi_a_Masamu
Tinaimanga ndi waya, ikugwira koma yapendekeka. Ndikulemberani madzulo ndikaweruka. Pali mtsikana wina wa Fomu 1 amene wayamba kubwera ku bwalo, wamanzere, ndipo saopa anyamata.